Kalata ya kumudzi: mwana wathu asabwereko

Okondedwa achemwali ndi alamu, komanso inu nonse amene mumawerenga makalata angawa,

Ine kuno ku Dublin ndili bwino, kungoti kamvula kake kaja kosadziwa nyengo kakungowaza tsiku ndi tsiku. Amayi muwauze kuti ndalama ya mankhwala a miyendo ndatumiza, asayambenso kudumphitsa masiku pofuna kusunga mapiritsi.

Alamu, uthenga wanu ndinaulandira. Ndamva kuti mwana wathu wachisamba uja walephera maphunziro awiri m'chaka chake choyamba ku yunivesite, ndipo ayenera kulemba mayeso obwereza, aja anawo amati sapu. Ndamvanso kuti zotsatirazo anazidziwa kale koma anakhala nazo chete milungu itatu, mpaka inu munachita kumvera kwa mnzake. Mwakwiya, ndipo mkwiyo wanu ndikuumvetsa, chifukwa mbuzi zimene zinachoka m'khola kuti iye akafike kumeneko ndikuzidziwa. Koma mawu anu akuti angobwerako adzathandize kumunda ndi amene andilembetsa kalata yaitaliyi. Ndaiika poyera chifukwa si banja lathu lokha limene likukumana ndi zotere. Dzina la mwanayo sinditchula, ndipo mwini wake ndayamba ndamupempha.

Mukudziwa kuti ine sindine munthu wa madigiri. Koma ndagwira ntchito zaka zingapo m'kantini ya koleji ina yaikulu kuno, kutsuka mbale, kupukuta matebulo ndi kugawa chakudya. Munthu wopukuta tebulo anawo samubisira nkhani, amangoyankhula ngati palibepo. Choncho ndamva zambiri, ndaona ana akulira pamwamba pa mbale ya tchipisi, ndipo ndaona chimene chimachitika akatha kulirako. Chimene chinandidabwitsa kuno si nyumba zosanja kapena makompyuta ayi. Ndi ichi: mwana akayamba kumira, pamakhala munthu amene ntchito yake yolembedwa ndi kumuona kuti akumira.

Ndiyambe ndi Trinity College, imene ili pakatikati penipeni pa mzinda, pomwe mabasi onse amadutsa. Sukuluyi idakhazikitsidwa mu 1592, ndipo kwa zaka mazana idali ya ana a anthu olemera, makamaka Achipulotesitanti. Akazi adayamba kuloledwa mu 1904, ndipo mabishopu a Katolika adachotsa lamulo loletsa Akatolika kuphunzirako mu 1970. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti si malo amene adayamba ndi mtima wolandira aliyense. Komabe pasukulupa wophunzira aliyense wa digiri yoyamba amapatsidwa mphunzitsi mmodzi amene amamutcha tutor. Ntchito ya munthu ameneyu si kumuphunzitsa m'kalasi. Iye ali ngati nkhoswe. Mwana akadwala nthawi ya mayeso, akaferedwa, ndalama zikamuthera, akafuna kusintha kosi, kapena akalephera n'kufuna kudandaula kwa akuluakulu a sukulu, amayamba wapita kwa nkhoswe yakeyo, ndipo iyo imamuyankhulira. Kuwonjezera apo, ana a chaka choyamba amaikidwa m'magulu, gulu lililonse n'kupatsidwa anzawo a makalasi apamwamba oti aziwayang'anira. Dongosolo limeneli amalitcha S2S. Anzawowo amawaonetsa laibulale, amawauza mmene nkhani ya m'kalasi imalembedwera, amawalembera uthenga mkati mwa teremu kufunsa ngati zinthu zikuyenda.

Mwina muti zimenezi n'zazing'ono. Koma taganizani za mwana wathu. Wachoka kusukulu yoyendera, kumene aphunzitsi onse ankamudziwa dzina, mpaka ankadziwa ndi khomo lanu. Wakafika m'holo ya anthu mazana, mphunzitsi ali kutsogolo uko akuyankhula Chingerezi chothamanga, akamaliza n'kunyamula chikwama chake ulendo. Mwanayo sanamve. Afunse ndani? Akweze dzanja pamaso pa anzake ochokera kusukulu zotchuka, amene laputopu anayamba kuigwira ali Fomu 1? Amangoti ndikawerenga ndekha. Sabata imatha, mwezi umatha, dzenje likunka likuya.

Azungu kuno nawonso ali ndi amphawi awo, musamve za anthu. Kumpoto kwa mzinda uno kuli dera lotchedwa Ballymun, kumene boma lidamanga nyumba zosanja zitalizitali m'zaka za m'ma 1960, zina za nsanjika 15. Deralo lidadzatchuka ndi ulova ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo nyumbazo adazigwetsa pakati pa 2004 ndi 2015. Pafupi pomwepo, mtunda woyenda pansi, pali Dublin City University. Ana a ku Ballymun ankakula akuiona yunivesiteyo ngati mmene mwana wa mlonda amaonera nyumba ya abwana: ukuiona tsiku lililonse koma si yako. Mu 1990 yunivesiteyo idayambitsa dongosolo lotenga ana a m'deralo, kuyamba ndi owerengeka chabe. Trinity nayo idayambitsa lake mu 1993, lotchedwa Trinity Access Programmes. Iwo sadikira kuti mwana afike yekha pachipata. Amapita kusukulu za m'madera osauka, kuyambira kupulayimale, n'kumawatenga anawo kudzaona makalasi ndi malabu kuti malowo asiye kuwaopsa. Ali ndi kosi ya chaka chimodzi yokonzekeretsa achinyamata, ndi ina ya anthu akuluakulu amene sukulu adaisiyira panjira, kuti akamalowa digiri akhale atazolowera kale kulemba, kuwerenga ndi kufunsa. Njira imeneyi idayenda bwino moti mu 2016 koleji ina ya ku Oxford, Lady Margaret Hall, idatengera chitsanzo chake.

Mayi wina amene ndinkagwira naye ntchito m'kantini, wobadwira kumpoto komweko, mwana wake wamwamuna analowa yunivesite kudzera m'njira ngati imeneyi. Kuno mayeso omaliza sekondale amawatcha Leaving Certificate, ndipo mapointi ake ndi osiyana ndi a MSCE: kwathu wanzeru ndi wa mapointi 6, kuno wanzeru ndi wa 625. Pali dongosolo lotchedwa HEAR limene limalola mwana wochokera m'banja losauka kulowa ndi mapointi otsikirako, ndi lina lotchedwa DARE la ana olumala kapena odwala matenda okhalitsa. Mayiyo ankandiuza kuti mapointi otsikawo sanali chinthu chachikulu. Chachikulu chinali choti sukulu isanatsegulidwe anawaitana anawo masiku angapo kuti adziwane, ndipo panali ofesi imene mnyamatayo ankatha kungolowa popanda kupangana tsiku. Teremu yoyamba mnyamatayo anafuna kusiya. Ankati anzake akuyankhula mosiyana ndi iye, akumuseka kalankhulidwe ka kwawo. Anasiya kupita m'kalasi sabata ziwiri. Foni inalira, a ku ofesi ija akufunsa kuti takusowa, vuto n'chiyani. Mnyamatayo anamaliza, ndipo tsiku lolandira digiri mayi ake anapempha tchuthi n'kubwera mawa lake ndi zithunzi, tonse m'khitchini tinasiya mbale kuti tione.

Pali chinthu china chimene ndikufuna mwana wathu achimve bwino, poti limodzi mwa maphunziro amene amugwetsa ndi masamu. Ku Dublin City University ndi ku University College Dublin kuli zipinda zapadera zothandizira masamu, ndipo kulowamo n'kwaulere. Umangofika ndi funso lako, kukhala patebulo, wina n'kubwera kudzakhala nawe mpaka umve. Anaika zipinda zimenezi chifukwa anaona kuti masamu a chaka choyamba amagwetsa ana ambiri, ngakhale amene anakhoza bwino kusekondale. M'malo monena kuti ana a masiku ano ndi aulesi, anati vutoli likubwera chaka ndi chaka, tiyeni tiliikire tebulo ndi mpando. Ndipo olowa m'zipindamo si ofooka okha. Ana anzeru nawonso amakhalamo, motero palibe amene amachita manyazi kuonedwa akulowa.

Mayeso obwerezawo kunonso aliko. Ambiri amalembedwa mu Ogasiti. Nthawi imeneyo kantini imakhala zii, koma pamakhala kagulu ka ana okhala ndi mabuku, kumwa khofi wambiri. Palibe amene amawaloza chala. Ena mwa iwo ndinadzawaona atavala mikanjo ya digiri, akujambulitsa ndi makolo awo pakapinga, chimodzimodzi amene sanalembepo sapu. Pa satifiketi salembapo kuti uyu anabwereza mayeso chaka choyamba.

Ngakhale m'zimbudzi za koleji, kuseri kwa chitseko, mumapeza pepala lomata lokhala ndi nambala ya foni ya NiteLine, kumene ophunzira anzawo amamvetsera mavuto a ena usiku, osafunsa dzina. Poyamba ndinkaseka, ndimvekere azungu awa, mpaka kuchimbudzi uphungu. Kenako ndinazindikira kuti ndi malo okhawo amene mwana angalembe nambalayo popanda womuona.

Tsono musaganize kuti kuno ndi kumwamba. Nyumba mu Dublin zakwera mtengo moti ana ambiri amagona kwawo ku Drogheda, ku Navan kapena ku Portlaoise, n'kumadzuka mbandakucha kukwera basi kapena sitima. Mwana wotopa choncho, amene madzulo akuthamangiranso ganyu m'sitolo, nkhoswe yake ingamuthandize pang'ono chabe. Ndamvanso ana akudandaula kuti kukaonana ndi mlangizi pamafunika kudikira milungu. Ndipo madera olemera a kum'mwera kwa mzinda amatumizabe ana ambiri ku yunivesite kuposa madera osauka, ngakhale patapita zaka zoposa 30 chiyambire mapologalamu aja. Anthu a kuno amakonda kukumbukira nduna ina, Donogh O'Malley, amene mu 1966 adalengeza kuti sekondale ikhala yaulere, ndipo zidayamba mu 1967. Fizi ya digiri yoyamba adaichotsa pofika 1996, ngakhale kuti pali ndalama ina imene ophunzira amalipirabe chaka chilichonse. Koma iwo eni adaona kuti kutsegula chitseko n'kosakwanira. Ifenso tidaziona mu 1994 pamene pulayimale idakhala yaulere: ana adadzaza mpaka pansi pa mitengo, koma ofika Sitandade 8 adali ochepa.

Kwa inu anzanga amene muli kuno, kapena amene mukusonkha ndalama kuti mutumize mwana, ndikhale woona mtima. Zabwino zambiri ndatchulazi zimafika mosavuta kwa nzika ndi kwa amene mapepala awo akuwalola. Wochokera kunja kwa Ulaya amalipira fizi yonse, ndipo m'mayunivesite akuluakulu makosi ambiri amapitirira ma euro 15,000 pachaka. Ndiye ambiri a ife timathera m'timakoleji ta anthu wamba, tina tili pamwamba pa sitolo. Tina ndi tabwino ndithu. Koma amene munali kuno mu 2014 mukukumbukira mmene makoleji otere anatsekedwera motsatizana, oposa khumi pofika chaka chotsatira, ana n'kufika m'mawa kupeza chitseko chokhoma, fizi atalipira kale, chitupa chokhalira m'dziko chili pachiswe. Bungwe la ICOS, loona za ophunzira ochokera kunja, ndi limene linkathamanga ndi anawo. Boma lidakhwimitsa malamulo pambuyo pake. Choncho musanalipire, onani ngati kosiyo ili pamndandanda wovomerezeka ndi boma, ndiponso ngati fizi yanu ndi yotetezedwa sukulu itatsekedwa. Ndipo funsani funso limene anthu safunsa: ndikalephera, kapena ndikadwala, ndidzapita kwa ndani? Akakuyankhani ndi dzina la ofesi ndi nambala ya chitseko, pamenepo pali sukulu. Akayamba kukuuzani za kuchotsera mtengo mukalipira lero, gwirani chikwama chanu. Kumbukiraninso kuti chitupa cha wophunzira chimalola maola 20 a ntchito pa sabata nthawi ya sukulu, ndi 40 nthawi ya tchuthi chovomerezeka. Ndaona anzathu akugwa m'mayeso osati chifukwa cha umbuli koma tulo, atagwira shifiti ya usiku kumalo osamalira okalamba n'kupita m'kalasi maso ali psuu, chifukwa kumudzi foni ikungolira. Abale a kumudzi, mawu awa ndi anunso.

Pali ndi chabwino china choti ndisachiiwale. Mu 2016 Dublin City University idakhala yunivesite yoyamba mu Ireland kulandira dzina la University of Sanctuary, kutanthauza kuti imapereka mwayi wa maphunziro kwa othawa kwawo ndi ofuna chitetezo. Ndiponso aliyense wa zaka 23 kapena kuposa amatha kufunsira malo ngati wophunzira wamkulu, osadalira mapointi a kusekondale okha. Ndaona agogo a imvi atanyamula chikwama cha mabuku. Inu amene mwakhazikika kuno ndipo mapepala anu ali bwino, pitani mukafunse.

Ndibwerere kwathu. Sindikufuna kunyoza aphunzitsi a m'mayunivesite athu. Munthu mmodzi kuphunzitsa ana mazana, kuchonga mapepala onsewo, mabuku m'laibulale ochepa, magetsi akuthimathima, n'zovuta. Mayunivesite a boma achuluka tsopano: Mzuni, LUANAR, MUST ku Thyolo, ndipo mu 2021 University of Malawi idagawidwa n'kubala MUBAS ndi KUHeS. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira lilipo kuyambira 2015, ngakhale kuti silifikira onse. Ana akulowa ambiri kuposa kale, ndipo ambiri mwa iwo ndi oyamba m'banja mwawo kuponda pa yunivesite, ngati mwana wathuyu. Chimene chatsalira m'mbuyo ndi maganizo. Tidakali ndi mtima uja wonyadira kuti kosi yakutiyakuti ndi yoopsa, imapeta anthu ngati mankhusu. Mawu oti kuwididwa anawo amawatchula monong'ona, ngati dzina la matenda. Munthu amene adavutika kuti apeze digiri yake nthawi zina amaona ngati wobwera pambuyo nayenso ayenera kuvutika chimodzimodzi, apo ayi digiriyo ichepa mphamvu. Ine ndimakana. Mlimi amene wabzala mbewu ya mtengo wapatali sanyadira kuti theka lafa. Mwana aliyense wobwezedwa kumudzi chaka choyamba wapita ndi ndalama za boma, ndalama za makolo, ndi malo amene wina anawalephera.

Ndipo zambiri mwa zimene ndaona kuno sizifuna nyumba yatsopano. Kuuza mwana wa chaka chachitatu kuti ana khumi awa ndi ako, uziwafunsa mmene akuyendera, n'kwaulere. Kupatula chipinda chimodzi masana awiri pa sabata kuti ovutika ndi masamu azikumanamo ndi odziwa sikufuna thandizo la kunja. Kunena zoona, ana athu amachita kale zimenezi paokha. Amakhala m'magulu okambirana usiku, a SCOM ndi a YCS amalandira atsopano, ochokera boma limodzi amasonkherana wina akasowa chakudya. Mwambo wa nkhoswe ndi wathu, sitinauphunzire kwa azungu. Kusiyana kwake n'koti kuno sukulu idautenga n'kuulemba m'malamulo ake, motero sudalira mwayi woti mwana wakumana ndi mnzake wamtima wabwino. Mwana wamanyazi, amene salowa gulu lililonse, nayenso amawerengedwa.

Alamu, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani anabisa. Taganizani za tsiku lija dzina lake linatuluka. Mudzi wonse unabwera, kutchalitchi anamuimiritsa kutsogolo, agogo ake anayamba kale kumutchula kuti adokotala. Tonsefe, ndi kumudzi ndi kuno, tinamusenzetsa mtolo umenewo mwachikondi. Mwana wotere akagwa, amaona ngati wagwetsa mudzi wonse. Kusukulu alibe woti amuuze, kunyumba akuopa. Milungu itatu imeneyo mwina sanagone n'komwe. Ine zimenezo zikundiopsa kuposa maphunziro awiri walepherawo, chifukwa tonse tamvapo za ana a sukulu amene anadzichotsera moyo atasowa wouza. Munthu wosafunsa timamuseka kuti adadya phula, koma tiziyambanso taona ngati tinamupatsa woti amufunse.

Pempho langa ndi ili. Musamuitanitse kumudzi. Musamukhazike pabwalo la abale kuti afotokoze. Achemwali, muimbireni inu nokha, mumufunse ngati akudya, ngati kumene akugona kuli magetsi, ngati ali ndi buku la phunzirolo kapena amachita kubwerekana anthu asanu. Za mayeso zibwere pomaliza. Ndayankhula naye Lamlungu, ndipo wandiuza kuti chipinda chimene akuchita lendi chili kutali ndi sukulu, moti madzulo sakhalira kuwerenga ndi anzake poopa kuyenda mumdima. Zimenezi inu simunazidziwe, ndipo nanenso ndazidziwa chifukwa ndinafunsa mafunso ang'onoang'ono ambiri. Ndikutumiza ndalama ya mayesowo ndi ina yoti asamukire pafupi. Alamu, mbuzi yotsalayo musagulitse.

Ndipo iwe mwana wanga, poti ndikudziwa kuti uwerenga: sabata ino upite kwa aphunzitsi a maphunziro awiriwo, ugogode, upemphe kuti akuuze pamene unalakwitsa. Wina akhoza kukubweza, upite kwa winayo. Ukafike ku ofesi yoona za ophunzira, ukalembetse vuto lako la malo ogona kuti likhale m'buku. Upeze mtsikana wa chaka chachitatu amene anakhoza masamu amenewo, umupemphe ola limodzi kawiri pa sabata, ya mayunitsi ake ndilipira ine. Ukapeza ena amene ali ndi sapu yomweyo, muzikhala pamodzi. Ndizikuimbira Lamlungu lililonse ndikaweruka, ndipo ukandiuza kuti zonse zili bwino ndidzafunsanso kachiwiri.

Anzanga a kuno amene muli ndi ana kapena abale m'makoleji, kaya kwathu kaya konkuno, tikakumana kumapemphero Lamlungu likubwerali tikambirane ngati tingapeze awiri kapena atatu odziwa masamu ndi sayansi oti azithandiza anawa pa WhatsApp. Ndikudziwa kuti pakati pathu pali anamwino ndi aphunzitsi akale amene pano akugwira ntchito zina.

Moni kwa amayi, kwa atsibweni, ndi kwa ana onse. Mundiuze ngati feteleza wapezeka, ndiponso ngati denga la khitchini munalikonza mvula isanayambe.

Ndatha ine mlongo wanu,
ku Dublin